Tsiku Limene a Sitefano Anagwiranso Maiki

Amuna anga, a Sitefano, ankadyera pakamwa. Sindikunena za miseche ayi. Anzawo akamalawirira ku fakitale, ine ndikamabereka dengu kupita kukathyola tiyi, iwo ankakwera kabaza wa ku Luchenza, n'kukadzitsekera m'kachipinda kuseri kwa msika kumasulira mafilimu. Ibwere ya Chitchaina, ya Chimwenye, kaya ya Chizungu, iwo ankaiveka Chichewa kuyambira poyamba mpaka pothera. Chitchainacho sankachidziwa, Chimwenye sankachidziwa, Chizungu chawo chinali chongopemphera madzi akumwa. Koma ukamaonera unkachita kulumbira kuti anyamata omenyana karate aja anakulira ku Khonjeni. Ankawapatsa mayina akonkuno, kuwadyetsa kalongonda, n'kuwakanganitsa pa nkhani ya malire a munda wa nandolo.

Ndiye mkazi aliyense wokongola wa m'filimu ankamutcha dzina langa, Teleza. Teleza wa ku China, Teleza wa ku India, Teleza wogwira mfuti. Pa sikelo poyezetsa tiyi anzanga ankandifunsa kuti, "Dzulo munapulumuka bwanji pa helikopita paja?" Ndikafika kunyumba ndinkawakalipira.

"Mukundichititsa manyazi inu, abambo a Limbikani."

"Nanga ndimutche ndani?" ankatero iwo. "Ndimutche Lestina kuti mundithire madzi amoto?"

Lestina ndi mayi woyandikana nafe nyumba pa laini yathu ya pa esiteti. Khoma lathu ndi limodzi.

Anagwa m'mawa wina akusamba, nyengo ya mvula. Kuchipatala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga kwambiri. Mwendo unabwerera, dzanja lamanja linabwerera mwaulesi, koma mawu anapitiratu. Kumva amamva zonse, maso awo amakuyankha usanamalize kufunsa. Koma akati anene, milomo imangoyenda, mitsempha ya pakhosi n'kuima, kenako amenya bondo ndi chibakera. Miyezi yoyamba ankayesa, kankatuluka kaphokoso kosadziwika mutu wake. Tsiku lina ana a pa laini anawatsanzira ali pakhonde. Kuyambira pomwepo anatsekeratu. Ngakhale kutsokomola ankakatsokomolera kuseri kwa nthochi.

Chimene chinkandidya mtima n'chakuti mawu awo sanafe. Ali m'mamemore kadi a anthu kuyambira ku Mphuka mpaka ku boma. Ndikaweruka kumunda, msana ukuwawa, ndinkamva mawu aja akudutsa khoma kuchokera pa kanema wa Lestina: "Thawa Teleza, thawa iwe!" Mwini wake ali apo pa mpando, akuyang'ana nkhuku. Lestina ndi munthu wabwino, moti nthawi zina ankakweza dala, poganiza kuti akundisangalatsa. Ndinkalakalaka kumugwetsera khomalo. Mawu amenewo anali a anthu onse, ndiponso ankanena zomwezomwezo tsiku lililonse. Ine ndinkafuna mawu a lero, otuluka pakhosi pawo ine ndili pomwepo, ngakhale atakhala ondiuza kuti ndiwo zachepa mchere. Ndinkamusowa munthu ndikugona naye mphasa imodzi.

Mwana tili naye mmodzi, Limbikani. Amakonza mafoni ku Limbe, koma mtima wake uli pa gitala. Mulungu amaseka ndithu: mwana wa munthu wolongolola chonchija anasankha kuimba nyimbo zopanda mawu. Ali ndi anzake awiri, mtsikana wina dzina lake Queen woimba ng'oma zachizungu zija, ndi Josiah woimba bezi ndi kiyibodi. Mtundu wa nyimbo zawo amati ndi roko, pali dzina lina kutsogolo kwake limene limandipinda lilime. Nyimbo imodzi kutalika ngati ulaliki wa pa maliro. Imayamba mwakachetechete, kenako yakwiya, kenako yatembenuka yalowera kwina. Phazi lako likangoti lapeza poponda, iwo asintha kale. Bambo ake ali bwino ankamuseka kuti, "Mwana wanga, nyimbo yakoyi ifika liti pa mawu? Tadikira mpaka tiyi wazizira."

Mwezi wa Juni Limbikani anandiimbira foni.

"Amayi, tikubwera kumeneko Lamulungu likubwerali. Tapempha holo ya pa esiteti. Tidzaonetsa filimu, ife tizidzaimba pambali."

"Filimu yanji yofuna kuimbiridwa?"

"Ndi zakalekale, amayi, za nthawi imene makina anali asanadziwe kujambula mawu. Anthu amayasamula pakamwa, amakangana, amalira, koma simumva kanthu. Ndiye ife timaonera, n'kupeka nyimbo yoyenda ndi zimene zikuchitikazo."

"Nanga amamasulira ndani?"

"Palibe womasulira. Gitala ndi amene amalankhula."

Nditatseka foni ndinakhala kaye pansi. Ndinayang'ana a Sitefano. Awa ndi munthu amene mbuzi ziwiri zikakumana pamsewu ankaima n'kuzipatsa mawu, ina kukhala apongozi, ina mkamwini. Pa ukwati, pa msonkhano wa esiteti, ngakhale kutchalitchi, ankandinong'oneza zimene anthu akutali akunena, ine n'kumaluma mpango kuti ndisaseke. Ndiye munthu wotereyu aone anthu akuyasamula pakamwa pa chinsalu, popanda wowalankhulira, angapirire? Ndinati ayi, sangathe. Chotseka pakhosicho chidzathyoka chokha. Sindinauze munthu maganizo amenewa, ngakhale Limbikani. Ndinangochapa malaya awo oyera aja n'kuwasita.

Lamulungu lake kunali chiperoni. Nkhungu inaphimba minda yonse ya tiyi, mitengo ya bulugamu ikungooneka mitu. Titaweruka kutchalitchi tinayenda pang'onopang'ono kupita ku holo, iwo atatsamira phewa langa. Tinapeza mawindo atatsekedwa ndi masaka ndi zitenje kuti mukhale mdima, ndipo kukhoma anapachika nsalu yoyera yofunda. Limbikani anagwada kupereka moni kwa bambo ake. Iwo anamugwira mutu, kenako anakhudza chingwe chimodzi cha gitala, chinalira, anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa. Ndinawakhazika kutsogolo kwenikweni, ine pambali pawo.

Anthu anadzaza. Othyola tiyi anzanga, alonda, a ku fakitale, ana osawerengeka, Lestina ndi banja lake lonse. Zaulere sizisowa anthu kwathu kuno. Limbikani anatenga maiki, anapereka moni, n'kufotokoza bwinobwino kuti filimuyi ilibe mawu, inapangidwa choncho, asadabwe. Koma anamva ndani? Ena ankakanganirana mabenchi, ena ankagula zitumbuwa pakhomo. Anaika maikiyo pa mpando, ananyamula gitala, magetsi anazima.

Pa nsalu panaoneka dziko loyera ndi chisanu, lopanda mtundu wina koma kuda ndi kuyera. Bambo wina wowonda, wa maso aakulu, ankagwira ntchito yotseka msewu sitima ikamadutsa, ngati mmene zimakhalira pa njanji ku Luchenza. Anali ndi kanyumba kake, mbendera yake, ndi tsekwe mmodzi wamwano amene ankamulanda chakudya. Anthu a m'filimumo ankayenda mothamanga modabwitsa. Queen anayamba kugunda pang'onopang'ono ngati mawilo a sitima ili kutali, Josiah analowa ndi bezi, kenako gitala. Kunena zoona, khungu langa linachita tsembwe. Mwanayu ndinamubereka ndine, koma sindinkadziwa kuti m'manja mwake muli zoterezi.

Anthu anapirira pang'ono chabe. Abwana a bambo uja atafika pa nsalu n'kuyamba kumukalipira, ndevu zikugwedezeka, pakamwa pali yasa, holo inayamba kung'ung'udza.

"Mawu! Kwezani mawu!"

"Waya wathothoka uko, amwene!"

"Oimbawo atsike kaye timve zimene akunena!"

Panabwera zolemba pa nsalu, koma zinali m'chilankhulo chimene ngakhale aphunzitsi a pa sukulu yathu anangopukusa mutu. Phokoso linakula. Pamenepo ndi pamene a Blackson, kapitawo wa gulu lathu kumunda, anaimirira. A Blackson sangaone chinthu chikulakwika osachiyang'anira. Anapita kutsogolo, anatola maiki ija pa mpando, anaimenyamenya ndi chala.

"Tikuvutikiranji, anthuni?" anatero. "Mwini wake wa ntchito imeneyi ali pompano. A Sitefano, tithandizeni. Akuti chani mzungu wa ndevuyu?"

Anawafumbatitsa maikiyo m'dzanja. Holo yonse inaomba m'manja, ena kuimba mluzu. Onse ankadziwa kuti munthuyu akudwala. Koma kwathu kuno timakhulupirira kuti wodwala akangolimbikitsidwa mokwanira adzuka, ndipo amene sakudzuka ndiye kuti sitinakuwe mokwanira.

Limbikani anandiyang'ana ali chiimbire, maso ake akundiuza kuti ndiwalande. Dzanja langa linali pafupi. Koma si zimene ndinasitira malaya zomwezi? Ndinayang'ana kumbali.

Pa nsalu sitima inafika. Pa windo lina panali mkazi wa chipewa, maso ake ngati akufuna kulira, ndipo anayang'ana bambo wa mbendera uja. Bamboyo anaiwala kutsitsa dzanja. Holo yonse inakuwa pamodzi.

"Uyo Teleza! Teleza wafika!"

Kenako onse anakhala chete, kudikira kuti mwini wake anene. Oimba nawonso anatsitsa. A Sitefano anakweza maiki kufika pakamwa. M'masipika munamveka mpweya wawo, ukulowa, ukutuluka, ukulowanso. Milomo inagundana. Ndinaona lilime likupita kumano, pamene dzina langa limayambira. Ndinagwira benchi ndi manja onse awiri. Mitsempha ya pakhosi inaima, thukuta linatsika m'mbali mwa khutu, mkazi wa chipewa anapita ndi sitima yake, ndipo sipanatuluke kanthu.

Wina kumbuyo anati, "Ayi, zawakanika." Mwana wina anaseka, anamutsina. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinadzida, ndinada a Blackson, ndinada holo yonse ndi zitumbuwa zawo. Munthu ndinamuchotsa pakhonde pake pamene ankakhala mwaulemu, n'kudzamuika pa anthu kuti aone mmene wathera.

Limbikani anaponda kanthu kena pansi ndi phazi, gitala inabangula. Sindinamvepo phokoso lotero. Queen anagwetsa ng'oma zonse nthawi imodzi, malata a holo ananjenjemera, makanda anayamba kulira. Ndinadziwa chimene mwanayo ankachita: ankafunditsa bambo ake kuti anthu asawamvenso akupuma. Anaimba mokwiya, nyimbo ikuthyoka, ikudzukanso, ikuthamanga mopotoka ngati madzi a mvula m'ngalande za m'munda wa tiyi. Pa nsalu kunali chimphepo, bambo uja akulimbana ndi chitseko cha kanyumba kake. Anthu anaiwala zokuwa. Anangoti kukamwa yasa, ofuna mawu aja.

A Sitefano anatsitsa dzanja, maiki inatsamira pa chifuwa. Sanandiyang'ane. Maso anali pa nsalu.

Chimphepo chinatha. Ng'oma zinaleka, Josiah anachotsa manja pa bezi n'kupukuta nkhope. Inatsala gitala yokha, ikulira pang'onopang'ono, bambo wa mbendera atakhala pa njanji m'mawa, akuyang'ana kumene sitima imachokera. Pansi pa gitalayo ndinamva kulira kwina, kokhuthala, konjenjemera pang'ono. Ndinayang'ana Josiah, manja ake anali pa thaulo. Ndinayang'ana masipika. Kenako ndinatembenuka.

Pakamwa pa a Sitefano panali potseka. Mawuwo ankachokera m'mphuno ndi m'chifuwa, akutsatira gitala, ndipo maiki inkawatola iwo osadziwa. Anali mawu awo enieni, okhala ndi kakusasa kaja kamene ndinkakamva m'mawa uliwonse akamafunsa ngati madzi atentha. Ndinaika dzanja pakamwa. Ndinaopa ngakhale kupuma, kuti ndingawadzidzimutse n'kusiya.

Limbikani anamva. Ndinaona mapewa ake akugwa. Sanayang'ane bambo ake, anangochedwetsa gitala, kusiya mpata. A Sitefano analowa mu mpatamo. Abwana a ndevu aja atabweranso pa nsalu, kung'ung'udzako kunasintha, kunakhala kokalipa, kodzitukumula, kochokera pansi pa mimba. Bambo wowonda poyankha, mawu anakwera, kukhala aang'ono, opepesa. Tsekwe atatulukira n'kuthawa ndi mbendera, a Sitefano anatulutsa kaphokoso ka mwano weniweni, holo yonse inagwa ndi phwete. Ankamasulira. Popanda liwu ndi limodzi lomwe lomveka tanthauzo, koma aliyense ankamva amene akunyoza, amene akunama, amene akuchonderera. Queen ankawayankha ndi ng'oma, Josiah ankawayalira pansi, nyimbo imene anaikonzekera ku Limbe inatayika, inabwera ina.

Kumapeto sitima inadutsanso. Mkazi uja anali pa windo lomwe lija, koma pambali pake panali mwamuna wina, atamugwira phewa. Bambo wa mbendera anakweza mbendera yake monga mwa ntchito, sitima inadutsa, anatsala yekha ndi tsekwe. Apa a Sitefano anangokoka liwu limodzi lalitali, gitala ili pambuyo pawo. Palibe anaseka. Lestina ankapukuta maso ndi chitenje. Ine misozi inkangotsika, osaipukuta.

Nsalu inayera. Oimba anamaliza, magetsi anayaka, ndipo mawu aja anathera pomwepo.

Anthu anaimirira ndi chisangalalo. Ankabwera kudzawagwira chanza. A Blackson ankauza aliyense kuti, "Mwaona? Ndinanena ine. Amangofunika kuwalimbikitsa basi." A Sitefano anayang'ana maiki m'dzanja lawo ngati sakudziwa kuti yafikamo bwanji, n'kuiika pa benchi. Ndinawandikira kukhutu.

"Abambo a Limbikani," ndinatero. "Ndili pano. Tanenani kanthu."

Anandiyang'ana. Milomo inayenda. Kenako anapukusa mutu pang'ono, n'kuyang'ana pansi.

Holo inayamba kuchepa anthu. Ena ankachotsa kale zitenje zawo m'mawindo, kuwala kwa chiperoni kukulowa. Queen ankamasula ng'oma, Josiah akukulunga mawaya. Ndinaimirira, ndinapita kwa mwana wanga. Maso ake anali ofiira.

"Yambiraninso," ndinatero.

"Amayi?"

"Filimuyi. Muyambirenso poyamba, muimbenso."

"Amayi, galimoto tinachita kubwereka, mwini wake akuifuna lero. Komanso taonani manja a Queen, atuluka matuza. Ababanso atopa."

"Ine sindinamve bwino," ndinatero. "Anthu amaseka, amaomba m'manja. Nthawi yonseyi ndakhala ndikudikira, ndiye ndidzagawane ndi holo yonse? Ndi a Blackson omwe?"

"Nanga akapanda kuchitanso? Mwina zinangochitika."

"Akapanda, apanda. Iwe imba."

Limbikani anayang'ana anzake. Queen anayang'ana manja ake, anayang'ana ine, kenako anayamba kumanganso ng'oma imene anali atamasula. Josiah anatambasula waya. Ndinapempha mlonda wa holo kuti atidikire, ndipo ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kutseka windo limene linali pafupi ndi nsalu. Mawindo enawo anangokhala choncho, moti zithunzi zinkaoneka mofooka.

Tinatsala anthu awiri pa mabenchi onse aja. Ndinatola maiki, ndinawafumbatitsa a Sitefano ndekha. Iwo anaiyang'ana, anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kuiika pansi, pa simenti. Ndinati basi, ndawatopetsa, akana.

Pa nsalu panabwera dziko la chisanu lija. Queen anayamba kugunda. A Sitefano anatambasula dzanja lawo lamanzere, lamphamvu lija, anagwira dzanja langa, lokhakhala ndi tiyi, n'kuliika pakhosi pawo. Analigwira pomwepo osalisiya.

Gitala italowa, ndinayamba kumva ndi zala, kenako ndi khutu. Ankang'ung'udza chapansipansi kwambiri. M'masipika simunamveke kanthu, ngakhale Limbikani sanamve. Nsalu sindinaiyang'anenso. Ndinatsinzina, ndikupempha mumtima kuti filimuyo italike.